Laputopu ya Madamu m'Thumba la Masika

Mpaka lero kutchalitchi kwathu kuli akuluakulu ena amene akandiona ndikutsitsa thumba langa la Masika amayamba kutsokomola mwadala. Wina amalipapasa ngati namwino wa kusikelo, mnzake nkufunsa mokweza kuti, "Chaka chino mwatiikiramo chiyani, wailesi yakanema?" Ine ndimangoseka nawo, nanga nditani. Nkhaniyi sindikonda kuikamba, koma poti amene amaikamba ayamba kuthiramo nsinjiro zochuluka (ena akuti m'thumbamo munali makompyuta atatu), ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Ndinaleredwa ndi agogo, mayi awo a mayi anga. Makolo anga anatisiya motsatana ndili ndi zaka zisanu, ndipo agogo anadzanditenga ndi kachikwama kamodzi nkubwera nane kuno m'chigwa cha Domasi, pakati pa mishoni ndi msewu wa ku Liwonde. Nyumba yathu inali ya anthu awiri osakonda kuyankhula. Nthano agogo sankadziwa ndi imodzi yomwe. Tsiku lonse linkatha ndi mawu owerengeka.

"Mwadzuka, amunanga?"

"Ndadzuka, agogo."

"Madzi ali kubafa."

(Kwa amene simudziwa, kuno agogo aakazi amatchula mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wawo. Ndi nthabwala yakalekale, ndipo inali nthabwala yokhayo imene agogo anga ankaikwanitsa.)

Motero zambiri ndinaphunzira poyang'ana, osati pofunsa. Chimodzi mwa zimene ndinaziyang'anitsitsa ndi mmene agogo ankasungira zinthu zofunika. Ankalima mpunga, ndipo akakolola matumba ankasanjidwa m'kachipinda kopanda zenera. Thumba la pakona penipeni, limene silinkakhudzidwa mpaka miyezi ya njala, ndilo linali mosungiramo chuma. Chithunzi chimodzi chokha cha mayi anga, khadi langa la kusikelo, masatifiketi anga a sukulu, zonse ankazikulunga m'jumbo nkuzikwirira mumpunga wosapuntha mpaka dzanja litalowa kufika m'chigongono. Kenako ankasoka kukamwa kwa thumba ndi kasokedwe kawokawo, kopingasa kawiri, mfundo kumanzere. Ndinafunsapo kamodzi chifukwa chake.

"Chinyezi sichilowa," anatero. "Chiswe chimatopa ndi mankhusu. Wakuba amathamanga ndi wailesi, sathamanga ndi thumba."

Umenewo unali ulaliki wautali kwambiri umene ndinaumva m'nyumbamo chaka chimenecho, ndipo ndinausunga.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ku Zomba m'tauni, pa kakampani kopanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi makalendala. Tinalipo antchito asanu, kuphatikizapo mwini wake kukhala asanu ndi mmodzi. Mwini wakeyo anali mayi wamtima wabwino koma wa mawu okwera, ndipo tonse tinkawatchula kuti Madamu. Iwo ankanditchula kuti a Domasi. Ine ndi anzanga awiri ntchito yathu inali yokonza zolembazo pa kompyuta, ena awiriwo ndiwo ankadinda ndi kudula. Ndinkachita lendi kachipinda m'tauni momwemo, ndipo kwa agogo ndinkafika kamodzi pamwezi ndi shuga ndi sopo, ngati mlendo. Ndikamatsanzika ankandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa pamphambano, osanena kanthu, nkuima pamenepo mpaka nditakhota.

Kenako kunabwera mliri wa korona uja. Madamu anatibalalitsa, kuti ife ogwira ntchito pa kompyuta tizigwirira kumakwathu nkumatumiza pa foni. Pondipatsa laputopu anaigwira ndi manja awiri ngati akupereka mwana kwa abusa.

"A Domasi, iyi si yanu, ndi ya kampani. Muisamale ngati diso lanu. Komabe musagone ndi nkhawa, katundu wanga yense ali pa inshuwaransi. Moto, akuba, madzi, zonse. Chaka ndi chaka sindiphonya."

(Pepala la inshuwaransilo Madamu ankalisunga bwino kwambiri, mu envelopu yomwe linabweramo. Kuliwerenga ndiye anali asanaliwerengepo.)

Mliri utazilala, Madamu anaona kuti ntchito ikuyenda ngati kale. Anasamukira m'chipinda chaching'ono chokwana makina ndi anthu atatu, ife ena nkutisiya kwathu komweko. Ine sindinadandaule ngakhale pang'ono. Ndikayang'ana m'mbuyo, miyezi imeneyo ndiyo inali yokoma koposa pa moyo wanga. Ndinaika kasola padenga, tebulo pakhonde mbali yoyang'ana kuphiri kumene netiweki inkagwira, basi ofesi yatha. M'mawa nkhungu inkatsika m'phirimo pang'onopang'ono, anthu a njinga nkumadutsa ndi mitolo ya nzimbe kupita pa Songani. Agogo ankayala mkeka pafupi ndi mwendo wa tebulo, akusankha nyemba kapena kusoka chigamba, ine ndikugogoda zanga. Tinkatha maola atatu osayankhulana, ndipo tonse tinkakhuta.

Poyamba sankakhulupirira kuti imeneyo ndi ntchito. Anzawo akafunsa ankangoti, "Amunanga akupumula." Koma tsiku lina anasuzumira ndikukonza pulogalamu ya maliro, naloza ndi chala chokhala ndi khoko la nyemba.

"Nambala imeneyo si ya kumanda. Imeneyo ndi ya ubatizo."

Ndinatsegula buku la nyimbo. Ankanena zoona. Kuyambira tsiku limenelo pulogalamu iliyonse inkadutsa kaye m'maso mwa agogo, ndipo Madamu anayamba kundiyamikira pa foni kuti chipitireni kumudzi ndasiya kulakwitsa nyimbo. Ine, mwa chikhalidwe changa, sindinaulule.

Tsopano tifike pa tsoka. Unali mwezi wozizira, mpunga uli m'nyumba. Mnzanga wa kuntchito anandiitana ku chinkhoswe chake ku Liwonde, ndipo ndinayenera kunyamuka Loweruka m'mawa nkubwerako Lolemba. Vuto linali laputopu. Kuyenda nayo m'minibasi ndinkaopa, poti m'menemo munthu umapanikizika mpaka osadziwa kuti mwendo wako ndi uti. Kuisiya patebulo ndinkaopanso, chifukwa agogo chitseko ankachitseka ndi mpando basi, ndipo Loweruka amayi a mvano ankalowa ndi kutuluka ngati pamsika. Ndinaima pakati pa nyumba, ndipo m'mutu munamveka ulaliki uja wa wakuba amene sathamanga ndi thumba.

Agogo ali kumjigo, ndinalowa m'kachipinda kamdima. Ndinakulunga laputopu m'chitenje chakale, kenako m'majumbo awiri. Ndinasula thumba la pakona, ndinaikwirira mpaka m'chigongono, nkusokanso mopingasa kawiri, mfundo kumanzere. Ndinabwerera m'mbuyo nkuyang'ana ntchito yanga monyadira. Ngakhale mwini kasokedweko sakanazindikira. (Ndipo sanazindikiredi. Luso langa ndi limene linandipha.) Ndinadabwa pang'ono kuti dzanja langa silinakhudze jumbo ya masatifiketi ija, koma ndinangoti mwina yatsikira pansi. Munthu wanzeru akanafunsa. Munthu wamba akanangonena kuti, "Agogo, ndaika chakuti mwakuti." Ine ndinavala jekete.

"Ndapita, agogo."

"Muyende bwino, amunanga."

Chinkhoswe chinali chokoma. Ndinavina mpaka anthu kudabwa kuti a Domasi ali ndi chiuno. Lolemba cha m'ma teni ndinatsika minibasi ndikuimba kamluzu, ndinapereka moni kwa agogo pakhonde, nkulowa m'kachipinda kaja. Pakona panali poyera. Panangotsala njerwa zinayi zimene thumba linkakhalapo, ndi kangaude mmodzi.

Ndinatuluka mwakachetechete nkukhala pansi pafupi ndi mkeka. Mukuganiza kuti ndinakuwa? Ayi, ndinayamba ndi kuzungulira.

"Agogo, kodi matumba aja mwawasuntha?"

"Ayi."

"La pakona lija silikuoneka."

"Lapita kwa mwini wake."

"Mwini wake ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa dzina langa. "Dzulo linali Sabata la Masika."

Masika ndi tsiku limene aliyense amapititsa kutchalitchi gawo la zokolola zake kuthokoza Mulungu. Ndinkalidziwa bwino, koma chibadwire changa agogo ankapereka ndowa imodzi, yosenza okha pamutu. Thumba lathunthu anali asanaperekepo.

"Lonse, agogo? Bwanji osati ndowa?"

"Chaka chino ndi thumba. Zanga ndinachotsamo Lachisanu." Anapitiriza kusankha nyemba, kenako anakweza maso. "Bwanji mwatuwa choncho?"

"Ndikubwera."

Ndinathamanga. Ine amene anthu amati ndimayenda ngati ndikuopa kudzutsa nyerere, tsiku limenelo nkhuku zinabalalika. Kutchalitchi ndinapeza mkulu wa mpingo, bambo wautali wa magalasi omanga ndi ulusi, akusesa mankhusu pakhomo pa chipinda chosungiramo katundu.

"Thumba la agogo anu? Aa, thumba lokongola limene lija! Wakabaza atalitula pansi, dothi linachita kugwedezeka. Tinaliika pansi penipeni, ena onse pamwamba pake, poti linali losokedwa mwamphamvu. Pa chilengezo mpingo wonse unawomba m'manja."

"Lili kuti pano?"

"Tagulitsa m'mawa uno. Mpunga wonse watengedwa ndi Che Saidi a pa Songani. Anakhalanso pamwamba pa matumbawo m'galimoto, kuti asagwe." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi mukufuna kubweza chopereka, achimwene?"

Che Saidi ndinkawadziwa. Ndi wamalonda wa mpunga, Msilamu wachisangalalo, ndipo thupi lawo si lamasewera. Nditaganiza za iwo atakhala pamwamba pa diso la Madamu, ndinaitana kabaza osafunsa ndi mtengo womwe.

Pa Songani anandilozera kuchigayo cha mpunga. Munali phokoso ndi fumbi loyabwa, matumba ali mbwee, onse ofanana. Apa kuyang'anitsitsa kwanga kunandithandiza kamodzi kokha pa nkhani yonseyi. Ndinaona mfundo ya kumanzere. Ndinaiona ili paphewa pa bambo wogwira ntchito m'chigayomo, amene anali atakwera kale makwerero, atadula ulusi, akupendeketsa thumba kukamwa kwa makina.

Ndinakuwa. Ndikhulupirira kuti ndinakuwa, koma mawu a munthu amene sanazolowere kukuwa safika patali, makamaka m'chigayo. Mpunga unayamba kutsika, waa, kenako kunamveka phuu! Chinthu chinagunda pa zitsulo zotchinga miyala. Makina anazimitsidwa, ndipo Che Saidi anadzuka pa benchi.

"Mwala!" anakuwa. "Akhristu inu mwayamba kuika miyala m'thumba la Mulungu? Ife tikamayeza mumati sikelo yathu ndi yakuba, kodi kani akatswiri muli konko!"

"Si mwala, Che Saidi," ndinatero. "Ndi ofesi yanga."

Anthu anaunjikana. Che Saidi anamasula majumbo aja imodzi imodzi, kenako chitenje, mosafulumira, ngati akutsegula mphatso ya ukwati. Ataona chimene chinali m'katimo anaseka mpaka kapu ya kumutu inagwa.

"Achimwene, ine ndagula thumba ndi zonse za m'kati mwake. Akuluakulu a mpingo ndi mboni. Chaka chamawa mundiikiremo njinga yamoto, ndidzabwera m'mamawa."

Anandizunza choncho kwa kanthawi, anthu akugwa ndi phwete, kenako anandipatsa ndi manja awiri nkundigulira botolo la zakumwa kuti mtima ukhale pansi. Nditaitsegula laputopuyo, galasi lake linali litang'ambika ngati dothi la m'munda wa mpunga mwezi wa Okutobala. Nditaiyatsa inalira kanyimbo kake ka masiku onse, mokhulupirika, nkutulutsa mankhusu m'mbali. Koma pagalasi panalibe chooneka, kupatula mizere yobiriwira.

Ndinaimbira Madamu ndili pansi pa mtengo. Ndinafotokoza mwachidule, ndikudumpha malo ena.

"Yagwa? Musalire a Domasi, ndi chifukwa chake timalipira inshuwaransi. Ndibwera nawo Lachitatu adzaone okha."

Kunyumba ndinaulula zonse. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, nkungofunsa funso limodzi.

"Munasoka ndinu?"

"Eya."

"Munasoka bwino."

Lachitatu kunafika galimoto. Munatuluka Madamu ndi bambo wa inshuwaransi, munthu waulemu, wa nsapato zonyezimira zimene fumbi la kwathu linazilandira ndi manja awiri. Tinakhala pakhonde, agogo pamkeka pawo. Bamboyo anatulutsa fomu ndi cholembera.

"Tiyambe. Kodi inabedwa?"

"Ayi."

"Inapsa ndi moto?"

"Ayi."

"Madzi?"

"Ayi. Inali pouma kwambiri."

"Nanga inachoka bwanji m'nyumba muno?"

Ndinayang'ana pansi. Amene anayankha ndi agogo. "Inapita ku Masika."

Bamboyo anayang'ana fomu yake kutsogolo ndi kumbuyo, kufunafuna bokosi la zopereka za kutchalitchi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa singano mpaka pa Che Saidi. Pofika pa chigayo anali ataphimba kukamwa ndi fomu ija, mapewa akugwedezeka. Madamu sankaseka.

"Chabwino, zamveka," anatero Madamu. "Ngozi ndi ngozi. Mutipatsa liti ina?"

Bamboyo anapukuta m'maso nkupempha envelopu ija. Anaitsegula (ndikukhulupirira kuti kanali koyamba pepalalo kuona dzuwa) nkuloza mzere wina.

"Mayi, ngakhale ikanabedwa kapena kupsa, pano sitikanalipira. Taonani apa. Tinagwirizana zoteteza katundu amene ali pa malo awa, chipinda chanu chakale chija. Kodi munatiuza kuti munasamuka?"

Madamu anapukusa mutu.

"Ndiye kuti ngakhale makina amene muli nawo m'chipinda chatsopanocho tiyenera kuwalembanso. Nanga makompyuta ali kunja ndi angati?"

"Atatu."

"Onsewo chichokereni mu ofesi akuyenda okha, opanda chofunda. Pamene tinkalemba pepalali, kampani yanu inali ndi khomo limodzi, loko mmodzi ndi mlonda. Lero ili ndi makomo anayi, ndipo limodzi mwa makomowo," anayang'ana chitseko chathu, "amatseka ndi mpando."

"Mpando wake ndi wolimba," anatero agogo.

"Sindikukana, agogo. Komanso mayi, makasitomala amafika kunyumba za antchito anuwa?"

"Amafika," ndinayankha ine, poti tsopano ndinali nditaphunzira kuyankhula pa nthawi yolakwika. "A maliro ambiri amabwera pompano."

"Ndiye wina atalumidwa ndi galu pano atabwerera ntchito ya kampani, mlandu ndi wa ndani? Achimwenewa atagwa pa kabaza akupititsa makadi, avulala ali pantchito kapena ali kwawo? Nanga zithunzi ndi maina a anthu zimene zili m'makinamu zitatayika? Zonsezi zimafuna kukhalirana pansi. Ntchito ikasamuka, pepala nalo lizisamuka."

Madamu anawomba m'manja kamodzi.

"Basi. Ine za makomo anayi sindingazithe. Lolemba nonse mubwerere m'tauni, tizipanikizana momwemo. A Domasi, kafuneni nyumba ya lendi."

Kunena zoona, galasi losweka lija silinandipweteke ngati mawu amenewo. M'maganizo ndinaona mtengo wa mango wa pamphambano, ndi munthu ataima pansi pake. Ndinali nditapalamula ndekha, ndikanatsutsa ndi nkhope iti?

Agogo anaika lichero pansi.

"Mayi, ndinu opemphera?"

"Eya, agogo."

"Ndiye mundimvere. Ine chaka chilichonse ndimapereka ndowa. Chaka chino ndinapereka thumba, la mpunga wonunkhira, losankha. Mukudziwa chifukwa chake? Ndinkathokoza kuti amunangawa abwerera pakhomo. Ndinawatenga ali ndi zaka zisanu, tauni inandilanda, ntchito yanu yomweyi yandibwezera. Tiyi ndimamwa ndi munthu. Tsono inu mukufuna thumba lomwelo, limene ndinathokozera, likhale lowachotsanso pano? Ndikamuuza chiyani Mulungu, kuti ndinalakwitsa kuthokoza?"

Ine ndinali ndisanamvepo agogo akuyankhula mawu ochuluka chotero, ndipo chifukwa cha thumbalo ndinachimvera pamodzi ndi alendo. Ndinayang'ana kuphiri kuti anthu asaone nkhope yanga.

"Komanso," anawonjezera agogo akutolanso lichero, "akapita m'tauni, nyimbo zanu za maliro azikuonerani ndani? Awa paokha amaika ya ubatizo kumanda."

Madamu anatembenuka pang'onopang'ono. "A Domasi. Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikuyamikira munthu wolakwika?"

"Eya, Madamu."

Anaseka, kuseka kwawo kokweza kuja, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Bambo wa inshuwaransi anaona mpata nkulowererapo. Anati nkhaniyo si yovuta monga ikumvekera. Nyumba zitatuzo zikhoza kulembedwa pa pepala, makompyuta nkutetezedwa ngakhale ali pa ulendo, zinazo nkukambirana ku ofesi. Chofunika, anatero, nchakuti nyumba iliyonse ikhale ndi chitseko chokhoma ndi malo okiya osungiramo makinawo.

"Malo okiya," anabwereza akundiyang'ana. "Osati osoka."

Agogo anadzuka nkutitsogolera m'nyumba. Pabalaza panali kabati yawo yagalasi, mmene munkakhala makapu a maluwa amene analandira pa ukwati wawo, amene chibadwire changa ndinali ndisanaone munthu akumweramo. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, natulutsa kakiyi kakuda, natsegula. Anachotsa makapuwo imodzi imodzi nkuwaika m'beseni.

"Apa pakwana?"

Bamboyo anagwedeza chitseko cha kabatiyo, nayesa loko wake, nalemba pa fomu. "Pakwana, agogo. Koma pachitseko chakunja mugule loko."

Inshuwaransi sinalipire kanthu, ndipo Madamu anandikumbutsa zimenezo pa foni kwa miyezi ingapo. Koma laputopu ija sinafe. Wokonza makompyuta m'tauni anati mpunga ndi umene unaiteteza kuti isaphwanyike yonse (agogo atamva anangoti, "Nanga"), ndipo anailumikiza ku galasi la kompyuta yakale ya mu ofesi, lalikulu ngati wailesi yakanema. Ndinagwira nayo ntchito choncho zaka zina ziwiri. Ikatentha inkanunkhira mpunga, ndipo nthawi zina inkalavula kankhusu patebulo. Anzanga awiri aja anandithokoza, poti nawonso anatsala kwawo. Ku ofesi, wantchito watsopano aliyense akamapatsidwa kompyuta amauzidwa malamulo atatu, ndipo lachitatu limangoti, "Osachita za a Domasi."

Tsiku lomwe alendo aja anachoka, madzulo dzuwa lisanalowe, ndinaika laputopu m'kabati nkukiya. Ndinatsala nditagwira kiyi m'manja, osadziwa koika. Agogo anatambasula dzanja. Ndinawatsatira mpaka m'kachipinda kamdima, kumene anali atakokera kale thumba lina pa njerwa zinayi zija. Anakulunga kiyi m'kajumbo, nalowetsa dzanja mpaka m'chigongono.

"Agogo, bambo aja anati..."

"Anati makina akhale mokiya. Za kiyi sananene." Anandipatsa singano. "Sokani. Koma ulendo uno tonse tikudziwa."

Tinakhala limodzi pakhonde lija zaka zina zitatu. Pulogalamu ya maliro awo ndinaikonza ndekha, patebulo lomwelo, ndipo nambala za nyimbo ndinaziyang'ana kasanu, ndikuchita ngati ndikumva chala chikuloza paphewa panga. Madamu anaidinda pa pepala lonyezimira, la makadi a ukwati.

Ndikugwirabe ntchito pakhonde. Mkeka ndimauyalabe, ngakhale pamakhala mphaka. Chitseko chili ndi loko, nyumba inalembedwa pa pepala, ndipo chaka chilichonse Madamu amatiitana tonse kuti tiwerenge pepalalo mokweza, mzere ndi mzere, ngati kalasi ya ubatizo. Phunziro ndinalimva: ukasuntha ntchito uziuza a inshuwaransi, ukabisa chinthu uziuza a m'nyumba. Loyambalo ndimalitsata. Lachiwirilo landivuta, poti woti ndimuuze palibenso, ndiye ndauza inu. Laputopu ili m'kabati, kiyi ali pamalo pake, pamodzi ndi chithunzi cha mayi anga ndi cha agogo. Ndipo Loweruka la Masika lisanathe ndimasula thumba lopita kutchalitchi, nkupisamo dzanja mpaka m'chigongono, kawiri. Thumba lathunthu, osati ndowa.